Mmisiri Akatchula Mtengo wa pa Fiti

 Ino ndi nyengo imene mbewu zalowa m'nkhokwe, ndipo m'mabanja ambiri mwabuka nkhani yokonzetsa nyumba mvula isanabwerenso. Ena denga lidawadonthera dzinja lonse mpaka ndowa ndi mabeseni kuthera m'zipinda. Ena pansi padakumbika, simenti adachoka, moti posesa amangokolopola dothi. Enanso angofuna pulasitala ndi penti kuti nyumba ioneke ya ulemu popeza chinkhoswe cha mwana chayandikira. Kwa nonsenu ndili ndi mawu lero, ndipo mawu anga akhudza chinthu chimodzi chimene chasautsa amayi angapo a m'gulu lathu: mtengo umene amisiri amautchula kuti wa pa fiti, kapena kuti wa pa sikweya.

Mmisiri amafika, nazungulira nyumba kamodzi manja ali kumbuyo, kenaka n'kunena kuti, "Mayi, ine ndimagwira pa sikweya, ndipo sikweya imodzi ndi mwakutimwakuti." Inu pomva kandalama kochepa katchulidwako, mtima umakhala pansi. Koma mukafunsa mnzanu wa tsidya linalo, iye akuti mmisiri wake adatchula mtengo wocheperapo. Wina akuti wake adatchula wowirikiza katatu. Tsono mudziwa bwanji kuti uwu ndi mtengo woyenera, uwu ndi wokuberani? Funso limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo yankho langa ndi lakuti nambala ya pa fiti, payokha, siinena kanthu. Imayamba kunena kanthu mukadziwa kuti mafiti akuwerengedwawo ndi ati, ndiponso kuti m'kati mwa mtengowo muli chiyani.

Tiyambe ndi samu ya ku pulayimale, imene ngakhale ine wolekezera Sitandade 8 ndimaikhoza. Sikweya fiti ndi kamalo kotalika fiti imodzi mbali zonse zinayi, kukula kwake ngati chivundikiro cha ndowa chikadakhala cha ngodya zinayi. Pofuna kudziwa masikweya a chipinda, muyeza m'litali, muyeza m'lifupi, kenaka muchulukitsa nambala ziwirizo. Chipinda cha mafiti 12 m'litali ndi mafiti 10 m'lifupi chili ndi masikweya fiti 120. Palibe chovuta apa, ndipo pa foni iliyonse pali kowerengetsera.

Chovuta nchakuti m'dziko muno timayenda ndi miyeso iwiri nthawi imodzi. Ana athu kusukulu amaphunzira mamita, mapulani a nyumba amalembedwa m'mamita, matailosi ndi penti amawerengedwa m'mamita. Koma malata ndi matabwa timagulabe potchula mafiti, ndipo amisiri ambiri achikulire mutu wawo umaganiza m'mafiti ndi m'mainchi. Mita imodzi ndi mafiti atatu ndi kachidutswa, koma m'sikweya mita imodzi muli masikweya fiti 10.76, tingoti pafupifupi 11. Chipinda chathu chija cha 120 chili ndi masikweya mita 11 okha ndi kapamwamba pang'ono. Motero mmisiri akangoti "pa sikweya" osamaliza mawu ake, mufunseni pomwepo kuti, "Bambo, sikweya yake iti, ya fiti kapena ya mita?" Amayi awiri angathe kukangana tsiku lonse kuti wina adaberedwa, chonsecho wina akunena za mafiti, mnzake za mamita.

Koma dzenje lalikulu silili pamenepo. Lili pa nkhani iyi.

Mayi wina wa m'gulu lathu, wamasiye, amene dzina lawo sinditchula, adasunga ndalama ku banki mkhonde zaka ziwiri, naphatikizapo za soya ndi zimene mwana wawo amatumiza kuchokera ku Johannesburg. Cholinga chawo chidali kukonzetsa chipinda chimodzi chakunja kuti azichititsa lendi, ndalama yake izilipirira mdzukulu sukulu. Chipindacho chidali cha mafiti 12 ndi 10, monga chathu chija, ndipo chidafunika pulasitala m'kati ndi simenti pansi. Adaitana amisiri awiri. Ziwerengero ndazisalaza kuti samu isativute, koma kusiyana kwake kudali kotere: woyamba adati K1,000 pa sikweya fiti, wachiwiri adati K2,500. Onse awiri ankanena ya leba yokha, zipangizo za mwini nyumba. Ndani mwa ife akadasankha wachiwiriyo? Mayiwa adawerengera pamtima: 120 kuchulukitsa ndi 1,000 ndi K120,000. Adagwirana chanza ndi woyamba uja, namuphikira tiyi.

Ntchito itafika pakati, mmisiri adatulutsa tepi nayamba kuyeza makoma. Makoma anayiwo kuzungulira ndi mafiti 44, msinkhu wake mafiti 9, zimene zikupereka 396. Adachotsapo khomo, masikweya 21, ndi zenera, masikweya 16, nkutsala 359. Ataphatikiza ndi pansi paja 120, adapeza masikweya 479, ndipo adati ndalama yake ndi K479,000. Mayiwa adangoti kukamwa yasa. Pamene tidapita kukafunsa mmisiri wachiwiri uja, tidapeza kuti iye ankawerengera mafiti a pansi okha, makoma ali momwemo, kutanthauza kuti ntchito yonse akadaigwira ndi K300,000. Amene ankaoneka wodula ndiye adali wotsika mtengo.

Kodi woyambayo adaba? Tidakangana kwambiri za ichi pa msonkhano wathu, ndipo ena mpaka lero amamutcha wakuba. Ine ndikuti sadaname ngakhale liwu limodzi, pakuti pulasitala amayezedwadi pa khoma pamene wapakidwa, ndipo amisiri ambiri okhulupirika amawerengera motero. Cholakwa chake nchakuti adaona kuti mayiwa amva mwina, iye n'kukhala chete. Ulesi wa pakamwa wotere sindiukonda. Komabe nafenso tidalephera, chifukwa funso limodzi lokha likadatha nkhani yonse: "Mukayeza zonse zimene muyeze, ndalama yonse pamodzi ikhala zingati?" Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Dziwani tsono kuti chipinda chimodzi chili ndi mafiti a mitundu ingapo. Pali a pansi, pali a makoma a m'kati, amene m'chipinda chaching'ono amawirikiza a pansi katatu, pali a makoma a kunja, pali a siling'i. Denga nalo lili ndi ake, ndipo amaposa a pansi, chifukwa denga limapendekeka, limatulukira kunja kwa khoma, ndiponso malata amasanjikizana m'mbali ndi kumapeto kuti madzi asalowe. Musadabwe kalipentala akaitanitsa malata oposa samu yanu ya pansi. Chofunika nchakuti akuonetseni pa pepala kuti mbali imodzi ya denga ikudya malata angati, a mafiti angati.

Mukadziwa mafiti ake, chotsatira ndi kuuphwanya mtengowo. Ine ndimauza amayi kuti aziugawa milu itatu, monga tigawira tomato pa msika: mulu wa zipangizo, mulu wonyamulira, ndi mulu wa leba. Mmisiri amene akana kugawa chotero, nangoumirira kuti "zonse zili momwemo, mayi, musavutike," ndimamukayikira, ngakhale atakhala wa mpingo wathu.

Mulu wa zipangizo ndi umene mungathe kuuyesa nokha popanda kudalira munthu, chifukwa mitengo yake ili poyera m'masitolo. Mmisiri alembe mndandanda: simenti matumba angati, mchenga wochuluka bwanji, malata angati, misomali makilo angati, matabwa angati ndi a muyeso wanji. Inu tengani pepalalo muyende nalo m'masitolo awiri kapena atatu. Ndipo kuchuluka kwa katunduyo mungathenso kukuyesa. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Pa pulasitala wamba, thumba limodzi limasakanizidwa ndi mawilibala atatu a mchenga, odzaza mosefukira ayi koma molingana ndi milomo yake, ndipo pulasitala wochindikala ngati chala, mamilimita 15, thumba limenelo limakuta masikweya mita pafupifupi 10. Makoma a chipinda chathu chija, masikweya fiti 359, ndi masikweya mita 33. Ndiye kuti matumba anayi akwana, kapena asanu ngati khoma lidawakidwa mokhotakhota moti malo ena afunika kudzaza. Mmisiri akati matumba 10 pa makoma amenewa, mufunseni kuti enawo apita kuti. Akati awiri akwana, muope koposa, chifukwa ameneyo akupakirani mchenga.

Matailosi ndi osavuta kuwerenga. A masentimita 40 mbali zonse amalowa 6 ndi kachidutswa pa sikweya mita, kotero chipinda chathu chifuna 70. Onjezanipo limodzi pa 10 aliwonse chifukwa cha odulidwa m'mbali ndi osweka, akhale 77. Penti naye, opanga ake amalemba pa chitini kuti lita imodzi imakuta masikweya mita angati. Werengani, ndipo mukumbukire kuti khoma latsopano limamwa penti kwambiri ndipo silipakidwa kamodzi kokha.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, "Ife a kumudzi zimenezi sizitikhudza, mmisiri wathu satchula masikweya, amangotchula mtengo wa chipinda kapena wa nyumba yonse." Zikukukhudzani ndithu. Mmisiri akatchula mtengo wa chipinda, inu gawani mtengowo ndi masikweya a chipindacho, ndipo mudzatha kuyerekeza ndi wa mnzanu amene chipinda chake ndi chachikulu kapena chaching'ono kuposa chanu. Apa ndi pamene nambala ya pa fiti imagwira ntchito yake yeniyeni: kuyerekeza zinthu zofanana. Pulasitala ndi pulasitala mnzake, denga ndi denga linzake, leba yokha ndi leba yokha inzake. Mukayerekeza mtengo wa leba yokha ndi mtengo wophatikiza zipangizo, mukufanizira nkhuku ndi mbuzi.

Pa mulu wonyamulira sindichedwapo. Ingokumbukirani kuti simenti amapangidwa m'malo monga Blantyre, Kasungu ndi Mangochi, wina amachokera kunja monga ku Zambia, ndipo kulikonse kumene thumba lipita, mafuta a galimoto amalitsata. Mtengo wa mchemwali wanu wa ku Ndirande sungakhale muyeso wa inu a ku Chitipa kapena ku Nsanje. Komanso wa kumudzi amene dambo lili pafupi, mchenga amatuta pa ngolo kapena pamutu, pamene wa ku Area 25 amagula pa lole. Funsaninso za madzi: atunga ndani? Ambiri amaiwala chimenechi, kenaka mayi ndi ana ndiwo amasanduka otunga madzi a ntchito yonse, mwina ogula pa kiyosiki.

Tsono za mtengo umene mnzanu adalipira kale. Uwu ndi umene umasokoneza mabanja ambiri, chifukwa bambo amakumbukira kuti achimwene awo adakonzetsa nyumba yonse ndi ndalama yakutiyakuti, naiwala kuti chidali chaka chiti. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Malata, misomali, penti, magalasi, mapaipi ndi mawaya, zambiri mwa izi zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zinthu zochokera kunja, kotero mitengo yake idauluka. Mtengo wa 2021 ndi nthano chabe lero. Njira imene timagwiritsa ntchito m'gulu lathu ndi iyi: munthu akakuuzani zimene adalipira, mufunseninso kuti nthawi imeneyo thumba la simenti linkagulidwa zingati. Gawani, muone kuti ntchito yakeyo idali yolingana ndi matumba angati. Kenaka chulukitsani matumbawo ndi mtengo wa lero. Muyeso umenewu si wangwiro, pakuti malipiro a anthu sakwera mofulumira ngati katundu wa m'sitolo, koma umakuyandikizitsani ku choona kuposa kukumbukira kwa alamu anu.

Mulu wa leba ndi umene ulibe sitolo yokafunsako, ndipo apa mpofunika kufatsa. Itanani amisiri atatu, aliyense payekha, ndipo muwauze ntchito imodzimodzi ndi mawu amodzimodzi. Musamuuze wina zimene mnzake watchula. Awiri akayandikana, wachitatu n'kukhala kutali, kaya m'mwamba kaya pansi, mufunseni wachitatuyo chifukwa chake. Funsaninso aliyense kuti agwira masiku angati, ndi anthu angati. Mukagawa ndalama ya leba ndi masiku ndi anthuwo, muona chimene munthu mmodzi alandire pa tsiku, ndipo chimenecho mutha kuchiweruza nokha, popeza mtengo wa ganyu ndi wa ufa kwanuko mukuudziwa. Pomaliza pitani mukaone nyumba imene mmisiriyo adagwira, makamaka imene yapyola dzinja limodzi kapena awiri. Mukakande khoma ndi chikhadabo kapena msomali. Pulasitala wabwino sayoyoka.

Ndanena kale kuti mtengo wotsikitsitsa ndimauopa, ndipo ndibwerezenso. Mmisiri amene watchula mtengo wophatikiza zipangizo, mtengowo n'kukhala wotsika modabwitsa, ndalama yake adzaipeza pena pake, ndipo malo ake ndi odziwika. Adzachepetsa simenti n'kuchulukitsa mchenga. Adzagula malata opyapyala. Pa malata, nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala, kotero geji 32 ndi yofooka kuposa geji 28, ngakhale zikakhomedwa zimawala mofanana. Adzaika matabwa aawisi kapena osapaka mankhwala a chiswe. Adzatenga simenti wogonera, wa mibulu, amene mphamvu yake idatha. Ndipo sadzadikira kuti pansi ndi makoma zithiriridwe madzi, pamene simenti amafuna chinyezi masiku osachepera 7 kuti alimbe. Zonsezi pa tsiku lolandira ntchito sizioneka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukamalemba zipangizo, lembani ndi geji ya malata ndi nambala ya pa thumba la simenti yomwe, kaya 32.5 kaya 42.5, kuti chogulidwa chikhale chomwe mudapangana.

Palinso ntchito zina zimene mtengo wa pa fiti umazisiya kunja, chonsecho ndizo zimasunga nyumba. Tidaona mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy. Sindikunena za malo monga Chilobwe ku Blantyre, kumene matope ndi miyala zidatsika m'phiri moti ngakhale nyumba yolimba siikadapulumuka. Ndikunena za makoma ambiri a m'madera ena amene adagwa chifukwa chonyowa kunsi masiku otsatizana. Kakhonde ka simenti kozungulira nyumba, ngalande yopatutsa madzi, denga lotulukira kunja mokwanira, pulasitala wa kunsi kwa khoma lakunja: izi sizikongoletsa pabalaza, ndipo mlendo sazitama. Koma ndalama ikachepa, ine ndingayambe zimenezi, matailosi n'kudikira chaka chamawa.

Komabe, amayi anzanga, tisawaweruze amisiri mbali imodzi yokha. Kukonza nyumba yakale ndi ntchito yovuta kuposa kumanga yatsopano, monga kusoka chigamba pa diresi long'ambika kuvuta kuposa kudula nsalu yatsopano. Asanayambe kupaka, mmisiri ayenera kugumula pulasitala wakale, kututa zinyalala zake, kusuntha katundu, ndi kugwira ntchito ana akudutsa pakati pa miyendo yake. Masiku amenewo ndi ntchito, ndipo ayenera kulipidwa. Choncho musatenge mtengo wa pa fiti wa nyumba yatsopano n'kumuumiriza nawo wokonza yakale. Ntchito yaing'ono nayo imadula pa fiti kuposa yaikulu, chifukwa ulendo wa mmisiri, zida zake ndi lole ya mchenga ndi zomwezo, kaya chipinda ndi chimodzi kaya zisanu. Ndipo zipinda sizilingana. Bafa la mafiti 5 ndi 4 lili ndi masikweya 20 okha, koma muli mapaipi, mipope, matailosi a m'makoma ndi ngalande ya madzi oipa. Mukagawa ndalama yake ndi 20, nambala yake idzakuopsani, koma sikuti mwaberedwa. Bafa, chimbudzi cha madzi ndi khitchini ziwerengereni pazokha, osazisakaniza ndi zipinda zogona. Za magetsi nazonso zikhale pazokha, ndipo azigwire munthu amene ali ndi chiphaso cha ntchito imeneyo, osati mnyamata wongodziwa kulumikiza wayilesi.

Chinanso nchakuti nyumba yakale imabisa matenda ake. Kalipentala amachotsa lata kuti asinthe, n'kupeza kuti matabwa a pansi pake chiswe chidawadya kalekale, angotsala khungu. Womanga amagumula pulasitala, n'kupeza mng'alu wotsika mpaka ku maziko. Palibe mmisiri angaone zimenezi atangoima pabwalo, ndipo wonena kuti waona zonse akungofuna ntchito. Chimene mungachite ndi kupangana musanayambe kuti chobisika chikatuluka, ntchito iime, akuitaneni muone ndi maso anu, mugwirizane mtengo wake, kenaka apitirize. Ndipo pa ndalama zanu patulani gawo limodzi mwa magawo 10 la zotere, musaliuze munthu. Ngati nyumba yanu ndi ya kale ija ya denga kapena siling'i ya asibesitosi, musalole kuti azidule ndi sowo kapena kuziphwanyira pabwalo, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Kuchotsa kwake kumafuna chisamaliro, ndipo nkoyenera kuti mtengo wake ukwerepo.

Zonse mwagwirizanazi zilembedwe. Sipafunika loya, pepala la m'kope la mwana likwana. Palembedwe ntchito yake, mafiti ake ndi a chiyani, ndalama yonse pamodzi, ogula zipangizo ndani, tsiku loyamba ndi lomaliza, ngakhalenso za chakudya cha masana, pakuti nsima ya anthu anayi kwa milungu itatu ndi thumba la chimanga limene palibe adaliwerengera. Asaine mmisiri, musaine inu ndi bambo a kunyumba, ndi mboni imodzi kapena ziwiri. Ndalama perekani pang'onopang'ono potsata ntchito yooneka: gawo poyamba, gawo makoma akatha, gawo pansi pakatha. Gawo lomaliza lisungeni kufikira mutayendera ntchito yonse, ndipo likakhala denga, mpaka mvula yoyamba italiyesa, malinga mudapangana chotero pachiyambi. Denga lisasasulidwe malata atsopano asanafike pakhomo. Ndaonapo banja likugona pansi pa lona mu Novembala chifukwa mmisiri adasasula lonse, ndalama ya malata ili m'thumba mwake, iye ali ku maliro kwawo. Okhala m'mizinda, ngati mukuonjezera chipinda kapena kusintha kamangidwe ka nyumba, yambani mwafunsa ku khonsolo za chilolezo. Ndipo a nyumba za lendi, musaike tambala pa khoma la mwini wake musanalemberane kuti ndalamayo ibwera bwanji.

Mwina wina akuti, "Zomangamanga ndi za abambo, ine ndilowererapo bwanji?" Sindikukutumani kukalanda udindo wa amuna anu, ayi. Koma taganizani: bambo amapangana ndi mmisiri Loweruka, Lolemba m'mawa n'kupita ku ntchito kapena ku dimba. Amene amatsala pakhomo kuona matumba akutsegulidwa, mawilibala akuthiridwa, ndi njinga ikutuluka madzulo itanyamula kanthu kokulungidwa m'chiguduli, ndinu. Ndipo ndalama ikathera panjira, ndiwo za ana ndizo zimayamba kuchepa. Sankhani nthawi yabwino, atadya, mukhale nawo pansi ndi pepala ndi pensulo, munene kuti, "Bambo, tatiyeni tiwerengere limodzi, mwina ine ndi amene sindikumvetsa." Amuna ambiri amene ndikuwadziwa samuyi sadaichitepo, koma amachita manyazi kufunsa mmisiri pamaso pa amuna anzawo. Inu mulibe manyazi amenewo. Matumba otha muziwasunga ndi kuwawerenga madzulo alionse, ndipo simenti azigona m'nyumba mwanu, pa matabwa, osati pa dothi.

Za mayi wamasiye uja, nkhani idakathera kwa a mfumu, ife a gulu titawaperekeza. Popeza padalibe pepala, padalibenso wogamulidwa kuti wanama. Mmisiri adavomera kutsitsa kufika pa K350,000, mayiwa adalipira mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama imene adasungira chitseko ndi magalasi a zenera ndi imene idapita pamenepo. Chipindacho chidakhala dzinja lonse chotseka ndi mphasa, mulibe wa lendi, ndipo mdzukulu adajomba teremu imodzi. Chitseko adaika mwezi wathawu. Kuchokera pa nkhaniyi, gulu lathu lidasonkha ndalama n'kugula tepi yoyezera, ya mafiti mbali imodzi ndi mamita mbali inayo, imene imasungidwa ndi msungichuma pamodzi ndi bokosi la ndalama. Wofuna kukonzetsa nyumba amaibwereka, napita ndi amayi awiri kukayeza mmisiri asanaitanidwe. Sabata ino ili kwa mayi wina amene akufuna kusintha denga la nyumba ya mafiti 30 ndi 24, ndipo Lachinayi tikukawerengera limodzi malata ake.